Shuga wa Odzazonda

Lolemba, 15 Januwale

Mvula chiyambire m'mawa. Tiyi waphuka ngati wapenga, dengu likulemera kumsana usanafike n'pakati pa mzere pomwe. Akapitawo alengeza pasikelo kuti mwezi uno palibe zoti ndadwazika matenda, wojomba ayambiretu kuganiza kokagona chifukwa nyumba za m'malaini n'za anthu ogwira ntchito. Amayang'ana kumabulugama polankhula, koma amanena ine.

Pofika kunyumba ndakumana ndi amayi a Mvano akutuluka. Anadzazonda amuna anga, a Fackson. Asiya sopo, mabanzi ndi paketi ya shuga. Shuga, kwa munthu amene shuga yemweyo akumudya wamoyo. Sindikuwada ayi, kwa wodwala supita chimanjamanja, ndipo chimene munthu amanyamula n'chomwecho. Anzawo odulira tiyi anabweretsa shuga, a kwaya shuga, ngakhale alonda a kufakitale shuga. Pashelefu pathu pakuoneka ngati pa okala.

A F. anangoti, "Sungani bwino mayi a Tisu, pamaliro anthu amamwa tiyi wambiri." Ndawauza kuti akapitiriza bandeji yotsala ndiwamanga nayo kukamwa. Aseka, kenako kusekako kwasanduka kubuula.

Mwendo lero wada kufika m'kakolo. Ndikaganiza kuti zonsezi n'chitsa cha tiyi chimene chinaboola jombo nthawi yodulira ija, iwo n'kuyenda nacho tsiku lonse osamva kanthu, mtima umandiwawa. Tinaona magazi povula jomboyo. Kuchipatala cha kuboma anati adule, iwo anakana, ati ndinabwera ndi iwiri ndibwerera ndi iwiri. Adokotala sanakakamize. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti impso nazo zatha, ngakhale adule sizisintha zambiri.

Lachiwiri, 16 Januwale

Anesi a Mildred abwera masana pa njinga yawo yamoto, matope mpaka m'maondo. Ndi aja amayendera odwala amene achipatala anawabweza kunyumba. Ndinapempha mnzanga wa mzere woyandikana andipimitsire dengu, ine n'kuthamanga.

Atsuka chilonda, aphwanya mapilitsi n'kuwaza pamenepo kuti fungo lichepe. Awonjezera mankhwala amadzi obiriwira aja opha ululu. Kenako abaya chala cha a F., ayang'ana kamakina kawo koyezera shuga. Andifunsa ngati akudya. Ndati phala masipuni ochepa, lina limabwerera.

Ndiye anena zimene mpaka pano zikundizungulira m'mutu. Jakisoni wa shuga tisiye. Akuti munthu amene sakudya, impso zake zafooka, jakisoni amakhalitsa m'thupi n'kutsitsa shuga mopitirira, munthu amangogona osadzukanso. Botolo likhale mumphika mwake mwa mchenga wonyowa, adzalitenga ulendo wina. Ndipo akafuna tiyi wa shuga ndiwapatse. Akayamba thukuta lozizira, kunjenjemera, kapena tulo tosadzutsika, shuga msanga, ngakhale kuwapaka m'nkhama.

Ine Lestina, amene zaka zonsezi ndakhala wapolisi wa shuga m'nyumba muno. Ndinkawasecha m'matumba akachokera ku Luchenza. Ndinawalandapo mzimbe pamaso pa anzawo, sabata yathunthu osandilankhula.

Powaperekeza ndafunsa, "Ndiye kuti mwatitaya?" Ati, "Sitinakutayeni mayi. Kuchiza kwatikanika, koma ululu tingathe kuugwira. Masiku amene atsala akhale awo, asakhale a matenda." Mawu abwino. Ine ndamvapo liwu limodzi lokha, atsala.

Lachitatu, 17 Januwale

Tiyi wa shuga uja sindinawapatse. Dzanja likukana.

Lachinayi, 18 Januwale

Lero ndawapatsa. Ndinaweruka nditanyowa, iwo ali gone kuyang'ana pashelefu paja ngati mwana pa windo la sitolo. Sanapemphe. Kusapemphako ndi kumene kwandigonjetsa.

Ndatsegula paketi ya a kwaya, ndathira mu tiyi mpaka sipuni kumva kulemera potakasa. Ndawadzutsa, ndawatsamiritsa pachifuwa panga. Amwa kamodzi, atseka maso. Amwa kachiwiri. Kenako akuti, "Ndiye ndafikadi, eti? Apolisi atsegula geti."

Ndati musalankhule zopusa, imwani. Ati zakwana. Kapu yonse ija kumwa kawiri basi. Zaka zonse ankalira chinthu chimenechi, lero chabwera pamene pakhosi pakana.

Otsalawo ndamwa ine kukhitchini. Ndalira ndi tiyi m'kamwa.

Mwana wathu Tisungane waimba kuchokera ku Limbe. Abwana ake sakumulola mpaka kutha kwa mwezi. Ndamuuza kuti bambo ako ali bwinoko. Kaya ndimanamiza ndani.

Lachisanu, 19 Januwale

Alamu anga a Teleza, achemwali awo a F., atulukira kuchokera ku Nsabwe osatiuza. Nthochi pamutu, m'chikwama masamba a nimu. Andipeza ndikuwamwetsa tiyi. Tapatsana moni bwinobwino, agwada pamphasa, agwira mchimwene wawo kumaso n'kuyamba kugwetsa misozi. Kenako atola kapu ija kuti aisunthe, ainunkhiza, alawa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Ndafotokoza zonse monga anandiuzira anesi. A Teleza aika kapu pansi. Adzuka, apita pakona, avundukula mphika wa mchenga, atulutsa botolo la jakisoni, aliunika pakhomo. Afunsa kuti ndinawabaya liti komaliza. Ndati Lachiwiri m'mawa.

"Ndiye jakisoni mwasiya, shuga mukumwetsa. Ine ndadwazika amayi athu matenda omwewa. Ndinkawabaya ndekha m'mawa ndi madzulo mpaka tsiku lomwe anatisiya. Shuga sanalawe ngakhale wa pansonga pa chala. Mwana wa sukulu amadziwa kuti wa shuga salawa shuga. Ngati mwatopa naye munthuyu, bwanji osangonena? Ali ndi kwawo."

Kutopa naye. Ine amene ndimachapa nsanza za mafinya ndisanapite kumunda, ndimawatembenuza, ndimawatawasa, ndimawanyamulira chitini. Ndinafuna kuyankha zoti mpaka malaini onse atuluke, koma ndangoluma mlomo. Ndayang'ana a F. kuti anenepo kanthu. Anali atatseka maso, koma ndimawadziwa akagona zenizeni, amatsegula pakamwa.

Choipa n'chakuti sindingawade a Teleza. Akuwakonda. Ndipo zimene akunenazo ndi zomwe ine ndinkanena sabata yatha.

Loweruka, 20 Januwale

Kumpopi m'mawa, azimayi awiri a laini yakumtunda osandiona: "Akuti wamusiyitsa jakisoni." "Ndiye shuga akumuthirira wa dala." "Kudwazika n'kotopetsa, koma abale." Atandiona ayamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Kumunda manja amathyola okha, mutu uli kunyumba. Akapitawo andibwezera dengu ati muli masamba okhwima ambiri. Zoona, sindimaona chimene ndimathyola.

Ndaimbira anesi a M. Ali kutali, njinga ilibe mafuta, kuno abwera Lachinayi. Ndawapempha alankhule ndi alamu. A Teleza atenga foni, amvetsera pang'ono, n'kuti, "Zikomo amayi, tamva," n'kudula. Kwa ine akuti, "Anthu amene anamutulutsa m'chipatala kuti akafere kunyumba, ndiwamverenji? Ntchito yawo n'kuperekeza."

Botolo ndalibweza mumphika. Ndawauza kuti m'nyumba muno palibe abaye munthu. Ati chabwino, nyumba ndi yanu. Aimbira amalume awo a Fabiano, abwera mawa.

Masana a F. anandifunsa kuti anesi aja anati chiyani za jakisoni, ndibwereze. Ndabwereza. Ati, "Kungogona basi? Osamva kanthu?" Ndati eya, n'chifukwa chake n'zoopsa. Ati oho.

Mankhwala obiriwira akugwira, koma osati ngati poyamba. Akamatha mphamvu amaluma chitenje kuti alamu asamve.

Lamulungu, 21 Januwale

Kutchalitchi sindinapite. Amalume a Fabiano afika ndi jekete lawo la maliro, ndinangoliona n'kudziwa kuti nkhani yatha kale kunjira.

Takhala m'chipinda momwemo, fungo ndi fungo. Amalume alankhula mofatsa, ngati akuyala mphasa. Athokoza kuti ndasamala mwana wawo. Ati palibe akundiloza chala. Koma munthu akafika pamenepa amayenera kukhala m'manja mwa abale ake, kuti chikachitika chinthu pasadzakhale mawu. Pano ndi pa esiteti, si mudzi. Ine ndimachoka m'mawa kubwera madzulo, wodwala amatsala ndi khoma. Ku Nsabwe kuli anthu. A Teleza awonjezera kuti chibale n'fupa, sichiola.

Mumtima ndati fupa siliola, koma mwendo ukuola, ndipo amene amautsuka ndi mlendo ineyo.

Pakamwa ndanena zaulemu. Ndati ku Nsabwe njinga ya anesi sifika, si dera lawo. Mankhwala a ululu akatha mukawatenga kuti? Msewu ndi mvula ino mukuudziwa. Ndipo jakisoni, chonde, jakisoni ayi. Ndagwada ponena zimenezi. Amalume ati tamva, koma mwini wake alipo, tiyeni timufunse.

Apa ndinalimba mtima. Munthu amene anandiuza sabata yatha kuti palibe adzamuchotse m'nyumba muno koma bokosi.

A F. akuti, "Ndipita."

Ndati bambo a Tisu, mwati chiyani? Osandiyang'ana. "Ndipita kwathu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Inu mutsale, nyumba ikapita mudzagona m'tiyi?" Kenako atembenukira kwa achemwali awo, ati, "Achemwali, dzanja lija munkabayira amayi likadalipo?" A Teleza ati likadalipo achimwene. Amalume aseka pang'ono, ati mwaona, magazi amadziwana.

Ndatuluka. Ndakakhala kuseri kwa bafa mpaka mvula kundipeza pomwepo. Zaka zonse zimene ndakhala ndi munthu ameneyu, lero wandivula pamaso pa abale ake. Ndakwiya ndipo ndikuchita manyazi, kaya chachikulu n'chiti.

Madzulo ndawatsuka chilonda. Iwo andigwira dzanja, ati, "Muli ndi manja abwino, mayi a Tisu." Ndalichotsa.

Lolemba, 22 Januwale

Apita.

Amalume anapeza kagalimoto kotsegula kumbuyo konyamula nthochi. Tayala matiresi, tawanyamula anthu anayi, opepuka ngati dengu la m'chilimwe. Ndalongedza bulangete, nsanza zochapa, mapilitsi owaza pachilonda, botolo lobiriwira, ndi paketi ya shuga pamwamba penipeni. Ndawagwira a Teleza pamkono, ndabwereza zonse. Thukuta lozizira, kunjenjemera, tulo tosadzutsika, shuga msanga. Jakisoni ayi. Ati, "Ndamva alamu, thamangani mungachedwe kuntchito."

A F. anandiyang'ana nthawi yaitali galimoto isananyamuke. Ndimayesa apepesa. Ati, "Jombo zanga mupatse wina, zikadali bwino, n'kabowo kamodzi." Ine ndi mkwiyo wanga wa dzulo ndangoti chabwino. Sindinadikire kuti galimoto ichoke, belu la kumunda linali litalira kale.

Madzulo.

Ndafika, nyumba zii. Mphasa palibe, fungo lokha latsala. Pakhonde, pambali pa chitseko, paketi ya shuga ija. Aiika bwinobwino, aitsamiritsa kukhoma kuti isanyowe.

Miyendo inandiuza yokha kopita. Pakona. Mphika uli pomwepo, chivundikiro pamwamba, mchenga ukadali wonyowa. Pakati pali kadzenje pamene pamakhala botolo. Masingano nawo palibe.

Foni ya a Teleza sikupezeka. Ya amalume ikungoitana. Anesi a M. ayankha, ati pitani mayi, musadikire Lachinayi, nyamulani shuga. Ndathamangira kumsewu, mvula ngati akuthira ndi ndowa, anyamata a njinga onse akana, ati kumapiri kuja ndi mdima uno sitingafike, mawa m'mamawa.

Dengu ndakapereka kwa mnzanga akabweze kwa akapitawo. Wandifunsa kuti nanga nyumba. Ndati nyumba ya chiyani.

Lachiwiri, 23 Januwale, ku Nsabwe

Ndikulemba nditakhala pakhonde la a Teleza.

Ulendo sindiufotokoza. Minibasi, kenako njinga, kenako wapansi pamene njinga inakanika matope. Paketi ya shuga ndinaimanga m'chitenje pamimba ngati mwana wosabadwa. Ndafika dzuwa lili pamutu.

A Teleza andilandira ndi nkhope yowala, ngati za dzana palibe. Ati, "Alamu, mwabwera bwino, mudzaone nokha. Chiyambire m'mawa akugona ngati khanda, kubuula konse kuja kwatha. Ndinakuuzani kuti thupi limafuna jakisoni wake."

Ndalowa osavula nsapato. A F. anali chagada, pakamwa potsegula, malaya onyowa ngati awathira madzi. Ndagwira pamphumi, pozizira. Ndaitana, bambo a Tisu. Ndagwedeza. Ndaitana dzina lawo lenileni limene sindiitana pamaso pa anthu. Zii.

Paketi ndaing'amba ndi mano. Ndanyowetsa chala, ndatapa, ndapaka m'nkhama, m'masaya, pansi pa lilime. A Teleza andigwira mkono, ati mukutani, mukufuna kumumalizira m'nyumba mwanga? Ndawakankha, Mulungu andikhululukire, agwera pa thumba la chimanga. Ndati agwireni pamphumi muone ngati tulo timazizira chonchi. Akwawa, agwira. Abweza dzanja msanga. Patapita kanthawi ndangoona atenga mbale, asungunula shuga wina ndi timadzi, andigwirira pafupi.

Tapaka, tadikira, tapaka. Kaya nthawi yaitali bwanji. A Teleza amapemphera m'Chilomwe, ine ndimangotukwana chamumtima. Kenako chikope chagwedezeka. Kenako ameza. Kenako kubuula kuja kwabwerera, koyamba pang'ono, kenako konse. Sindinaganizepo kuti ndingadzasangalale kumva munthu akubuula.

Apa m'pamene a Teleza anayamba kulira. Akuti, "Alamu, ine dzulo m'galimoto ndinaganiza mawu anu, ndinachita mantha. Ndinati mwina tidikire. Ndi iyeyu anandiuza. Anati anesi aja anangolakwitsa, mlamu wanu ndi wamantha, ndibayeni monga kale. Botolo ndi iye anandiuza kuti nditenge, shuga ndi iye anati nditsitse. Phala ndinamuphikira, anakana."

Ndakhala pansi. Loweruka lija landibwerera lonse. Kungogona basi? Osamva kanthu? Ndipo ine ndinayankha eya, ngati ndikumulozera munthu njira ya kumsika. Ndiye Lamulungu lija sanali kundikana ine. Ankadziwa kuti dzanja langa silingabaye, anapita kukafuna lina. Ndipo mchemwali wake yemwe akanatsala ndi chimenechi pamutu moyo wake wonse, osadziwa.

Atsegula maso. Ayang'ana kudenga, ayang'ana a Teleza, kenako ine. Anandizindikira bwinobwino. Anyambita milomo, amva kutsekemera.

"Mayi a Tisu. Mwajomba kuntchito."

Ndati ndajomba.

Nkhope yawo yakwinyika ndi ululu. Kenako pang'onopang'ono, ngati akundiuza za kumudzi kwina kumene anakachezako, akuti, "Kumene ndinali kunalibe mwendo."

Andiyang'ananso. Ati, "Mwathamangiranji?"

A Teleza atuluka, abwera ndi botolo la jakisoni ndi masingano, andiika m'manja n'kufumbatitsa zala zanga ndi manja awo onse awiri. Ati tengani, ine sindikufuna kuziona. Ndazimanga pa mfundo ya chitenje, zili pano m'chiuno mwanga. A F. anaona pamene ndamanga.

Ndawamwetsa obiriwira aja. M'botolo atsala a pansi, ndipo njinga ya a Mildred sifika kuno. Mvula yayambanso kumapiri.

Posachedwapa anaitana, ati akufuna madzi. Ndapita ndi kapu, ndawadzutsa, ndafunsa ngati ndithiremo shuga pang'ono. Andiyang'ana, ayang'ana pa mfundo ya chitenje changa, n'kutembenukira kukhoma.